Nthochi Yosadyedwa

Inadzisenda yokha Lachiwiri m'mawa,
nthochi yofiirira ija ya kuseri kwa thanki,
yaubweya ngati khutu la kamwana ka mbuzi.
Nditaluma imodzi ndinalavula timiyala.
Mlamu wanga anaseka mpaka kutsokomola:
"Zaka ziwiri mukupopa mjigo
kuthirira nthochi yoswa mano!"

Ndinakhala pakhonde ndi beseni ndi sefa yakale,
kufinya zipatsozo ndi zala,
zoterera ngati therere logona,
kupekesa njere ndi mchenga wa mu Mwanza,
kutaya madzi, kuthira ena, kupekesanso,
mpaka zinayamba kulira pachitsulo, tche tche tche,
zakuda bii, zamakonamakona, zouma mtima.
"Pakatsala kamnofu, chuku chimagwira,"
anatero Mayi Fulukiya, namwino wa ku Ngabu,
amene anandipatsa make wa zonsezi m'chitini cha penti.

Zomira ndinasunga.
Zoyandama, zisanu ndi zinayi,
ndinakhuthulira kuseri kwa bafa ndi madzi ake omwe.

Makumi asanu ndi limodzi, mphambu zitatu.
Ndinawerenga kawiri, poti magalasiwa ndi a malemu mkazi wanga.
Khumi kwa Zuze, wowotcherera njinga pa Nchalo,
amene amadzala maluwa m'matayala akutha.
Khumi kwa Mayi Fulukiya; ngongole ndi ngongole.
Zisanu ndi ziwiri kwa mphunzitsi wa ku Bangula
yemwe nkhope yake sindiidziwa, mawu okha pafoni.
Ndinazikulunga m'timapepala ta mankhwala anga a shuga,
pamwamba pakadali mawu akuti awiri m'mawa, awiri madzulo.
Kondakitala anagwedeza kapepala pafupi ndi khutu:
"Madala, si chamba chimenechi?"
Nayenso ndinamupatsa zitatu.

Zanga ndinaviika masiku awiri m'fulasiki,
ndi kuzikwirira kuya kwa chikhadabo
m'makande osakaniza ndi mchenga ndi mankhusu a mpunga owotcha.
Kutentha kuno sitigula,
Okutobala amakazinga dzira palata.
Chosowa ndi chinyontho.
Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike mumtengo
kuwaza madzi ndi nsonga za zala,
ngati wansembe wopanda mpingo.

Patatha sabata zitatu Zuze anaimba:
"Zatuluka zinayi! Takhuta, baba!"
Ndinamuyamikira, ndi kudula foni msanga.
Mwezi unatha. Ya ku Bangula inamera,
mbuzi inadya, ina inameranso.
Ngakhale kondakitala anandikuwira pawindo la minibasi
atakweza zala ziwiri.
Kwanga machubu anali zii, ngati manda a alendo.
Usiku wina ndinafukula imodzi ndi tochi.
Inali momwe ndinaiikira, yotseka pakamwa.
Ndinaibwezera ndi manyazi
ngati ndasuzumira munthu akusamba.

Mvula inachedwa, kenako inabwera yonse pamodzi.
Madzi anakwera mpaka pamtengo wa masau,
machubu anga anapita ku Marka osatsanzika.
Mwina kutsidya la malire kuli munthu
amene chaka chamawa adzalume n'kutukwana.

Dzulo mlamu anatuluka m'bafa, sopo ali m'khutu:
"Tabwerani mudzaone udzu wanu."
Pothera ngalande, pakati pa njerwa ziwiri zosweka,
kansonga kobiriwira,
kopichiridwa ngati ndudu ya chingambwe,
kakutuluka m'matope onunkha sopo.
Mwa zoyandama zija.
Zimene ndinaziweruza ndekha, ndili pakhonde, magalasi ali pamphuno.

Zuze sindinamuuze. Ndidikira tsamba lachitatu.
Ndazika minga ya mthethe kuzungulira,
nkhuku zikuzungulira minga.
Ndipo mlamu, amene akunenabe kuti ndi misala,
m'mawa uno ndinamumva akukoka ndowa pasimenti,
kusunthira kungodya ina ya bafa,
kuti madzi otentha asapite uko.